Masipika a Twin Reverb ya malemu bambo anu: musathamangire kuwataya

Funso: Bambo anga ankaimba gitala m'bandi kalekale, ndipo atamwalira anandisiyira ampulifaya ya Fender Twin Reverb, ya nkhope yasiliva ija. Inakhala zaka zambiri m'chipinda chosungiramo katundu, kenaka tinabwereketsa a kwaya ya kutchalitchi kwathu, omwe ankalumikizako kiyibodi ndi gitala ya besi. Pano sipika imodzi yang'ambika pepala, inayo ikulira mokhwekhwereza ngati mwalowa mchenga. Wokonza mawailesi wina akuti tichotse onse awiri tiikemo a m'galimoto. Nditani?

Yankho: Achimwene, choyamba pepani ndi imfa ya bambo. Chachiwiri, masipika a m'galimotowo asayandikire n'komwe bokosi limenelo. Ndifotokoza chifukwa chake, koma mudziwiretu kuti pa masipika awiri mwatchulawa, yong'ambikayo ndiye yosavuta. Imene ikundidetsa nkhawa ndi yooneka yabwinobwino koma yolira mchenga ija.

Tiyambe ndi chimene muli nacho m'nyumbamo. Ma Twin Reverb a nkhope yasiliva anayamba kutuluka cha mu 1968, patapita zaka zochepa kampani ya CBS itagula Fender mu 1965. Mphamvu yake imachokera ku mavalavu, mababu agalasi okuza mawu, anayi akuluakulu a mtundu wa 6L6. Oyambirira anali a ma watt 85, otsatira anafika 100, ndipo a kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 analembedwa 135. M'bokosimo muli masipika awiri a mainchesi 12, iliyonse ya ma ohm 8 (ohm ndi muyeso wa katundu amene sipika imasenzetsa ampulifaya), olumikizidwa mogundizana waya wa plus ku plus ndi wa minus ku minus, kotero ampulifaya imaona ma ohm 4. Nambala imeneyi muisunge m'mutu. Masipika ambiri a m'galimoto ndi a ma ohm 4 iliyonse, ndiye mukawalumikiza mmene alumikizidwira akalewa mupeza ma ohm 2, katundu woposa amene thiransifoma ndi mavalavu anapangidwira. Ngakhale mutakonza za ma ohm, mawu sadzakhala a Twin. Sipika ya gitala inapangidwa dala kuti isamatulutse mawu okwera kwambiri. Imayamba kuwameza ikangodutsa cha pa ma hertz 5,000, ndipo kumezako n'kumene kumapatsa gitala kukoma. Ya m'galimoto imatulutsa zonse, ndiye gitala imamveka ngati njuchi zatsekeredwa m'chitini.

Tembenuzani bokosilo muyang'ane m'mphepete mwa chitsulo cha sipika iliyonse. Mupeza manambala odindidwa ndi inki. Oyamba amatchula wopanga: 465 ndi Oxford, 328 ndi Utah, 220 ndi Jensen, 137 ndi CTS. Otsatira amanena chaka ndi sabata. Pa Oxford, mwachitsanzo, 465-234 ikutanthauza sabata ya 34 ya chaka chothera ndi 2, chomwe pa ampulifaya ngati yanu ndi 1972. Mukapeza kuti pakati pa pepala pali kachivundikiro konyezimira ka aluminiyamu ndipo sipikayo ikulemera modabwitsa, mwina bambo anali ndi ya JBL D120F, yomwe Fender inkaika kwa wofuna kulipira zoonjezera. Zikatero muli ndi chuma, ndipo wina akakuuzani kuti amutayire, mudziwe kuti akudziwa chimene akutola.

Pali lamulo limodzi lomwe simuyenera kuliswa pa ntchito yonseyi: ampulifaya ya mavalavu siyatsidwa popanda sipika. Mphamvu ikasowa kopita imabwerera mu thiransifoma yotulutsira mawu n'kuboola mawaya ake m'kati, ndipo thiransifoma imeneyo mtengo wake ungakugulireni masipika onse awiri. Komanso musatsegule chitsulo chomwe muli mawaya a ampulifaya. M'menemo mumakhala ma volt oposa 400, ndipo amatha kutsalira ngakhale mutazula pulagi pakhoma. Ntchito ya masipika sifuna kuti mulowe m'menemo.

Musanamasule chilichonse, tsimikizani kuti kukhwekhwerezako kukuchokeradi mu sipika. Ndaona anthu akulipira ndalama zokonzetsa sipika yabwinobwino pomwe cholira chinali kansalu kakutsogolo komwe kanakhwepa n'kumamenya thabwa, kapena miyendo yachitsulo ya m'mbali ija yopendeketsera bokosi, kapena thumba la pansi la reverb, chipangizo chochititsa mawu kumveka ngati m'holo, lomwe lamasuka. Valavu yokalamba nayo imalira ngati galasi losweka mawu akakwera. Njira yachidule ndi kuzimitsa ampulifaya, kuzula pulagi ya masipika kumbuyo, n'kulumikizapo bokosi lina la masipika abwino la ma ohm 4 kapena 8 lomwe mwabwereka kwa mnzanu. Phokoso likatha, mlandu ndi wa bokosi lanu. Likapitirira, sipika ilibe mlandu, pitani nayo ampulifayayo kwa mmisiri wodziwa za mavalavu.

Pochotsa masipika, zulani pulagi pakhoma, dikirani mavalavu azizire, muwazule anayi akuluakuluwo n'kuwalemba manambala kuti adzabwerere m'malo mwawo. Jambulani mawaya ndi foni musanawakhudze. Masipika a Twin amakhala pa mabawuti otuluka m'thabwa lakutsogolo, omangidwa ndi manati kumbuyo. Goneketsani bokosi chafufumimba pa bulangeti kuti sipika isakugwereni nati yomaliza ikamasuka, ndipo poinyamula ikwezeni molunjika. Ndili mnyamata ndinaboolapo pepala la sipika ya kasitomala ndi bawuti yake yomwe chifukwa choikokera cham'mbali, ndipo manyazi ake ndimawakumbukirabe. Samalaninso ndi sikuludiraiva: maginito amaikwatula m'manja n'kuibaya papepala musanaphethire.

Tsopano ziyeso zitatu, sipika iliyonse payokha, mawaya atachotsedwa.

Choyamba ndi cha mita yoyezera magetsi. Iikeni poyezera ma ohm, mugunditse pa timapini tiwiri ta sipika. Ya ma ohm 8 yamoyo imaonetsa pakati pa 5 ndi 7. Musadabwe kuti siyikufika 8, ndi mmene zimakhalira. Mita ikapanda kusuntha, waya waduka penapake. Ikaonetsa 2 kapena 3, koyilo, waya wozengedwa wa m'kati mwa sipika, inapsa ndipo mizere ina ya waya yagwirana. Chachiwiri ndi cha batire. Tengani batire la ma volt 9, kapena ngakhale la tochi la 1.5, mugunditse pang'ono chabe. Sipika yabwino imati "thupu" momveka bwino, pepala n'kudumpha. Chachitatu ndi cha zala, ndipo ndi chimene chikuuzeni zambiri pa sipika yanu yolira mchenga. Igoneketseni chagada pamalo a phee, yalani zala zanu mozungulira kachivundikiro kapakati, osati pamwamba pake, mukankhire pansi pang'onopang'ono mofanana mbali zonse. Ikani khutu pafupi. Pasamveke kalikonse. Mukamva kukanda, koyilo ikukhudza chitsulo.

Kuti mumvetse kukandako, ganizirani mmene m'kati mulili. Kumunsi kwa pepala kunamatidwa kachubu kozengedwa waya wa kopa woonda ngati tsitsi. Ndiyo koyilo. Imayenda chokwera ndi chotsika m'kampata kozungulira ka pakati pa maginito, kopapatiza moti mbali iliyonse pamangotsala malo okwana kapepala kokhuthala. Chomwe chimaigwira kuti ikhale pakatikati ndi nsalu yachikasu yamakwinya ya pansi pa pepala, imene amisiri amati spider, mothandizana ndi mphepete mwa pepala mwenimwenimo. Chilichonse chosokoneza mgwirizano umenewu chimabweretsa mchenga mukuumvawo.

Tiyambe ndi yong'ambika ija, poti ndi imene mungathe kuikonza nokha Loweruka masana. Ngati mita ndi zala zanena kuti koyilo ili bwino, ndipo kung'ambikako ndi mzere chabe kapena kabowo kosaposa ndalama yachitsulo, musasinthe pepala. Pepala la zaka makumi asanu lili ndi mawu akeake: linafewa, linauma, linazolowera kunjenjemera. Latsopano, ngakhale labwino chotani, limakhala sipika ina. Ogula zinthu zakalezi amalipira zambiri pa sipika ya pepala lake lenileni lokhala ndi chigamba chaudongo kusiyana ndi yosinthidwa, ndipo pa nkhani imeneyi ndimagwirizana nawo.

Tengani guluu woyera wa akalipentala uja, mumusungunule ndi madzi pang'ono mpaka akhale ngati mkaka wokhuthala. Chigamba chikhale pepala lopyapyala koma lolimba: la kathumba ka masamba a tiyi mutakakhuthula n'kukaumitsa, kapena losefera khofi. Musalidule ndi sizasi, ling'ambeni ndi manja kuti m'mphepete mukhale ulusiulusi womwe umalowerera m'pepala la sipika osasiya mzere wolimba. Pukutani fumbi ndi kaburashi kofewa. Bwezerani milomo ya pong'ambikapo kuti ikumane mmene inalili, osapitirizana. Pakani guluu ndi kaburashi kumbuyo kwa pepala, ikani chigamba chopyola pang'ono mbali zonse, muchisisite mpaka chinyowe n'kugona. Ngati mzerewo ndi wautali, mawa lake muikenso china chaching'ono kutsogolo. Chisiyeni tsiku lathunthu pamthunzi. Nyengo ya mvula muonjezere tsiku lina, ndipo musachiike padzuwa kapena pafupi ndi mbaula pofuna kufulumira, chifukwa pepala likauma mbali imodzi mofulumira limapindika n'kukokera koyilo pambali, ndiye mwachiza bala n'kubweretsa matenda aakulu.

Guluu akhale wochepa. Ambiri amalakwa apa, amapaka ngati akumata nsapato. Kulemera kulikonse komwe mwaonjezera mbali imodzi kumasintha kayendedwe ka pepala. Supa guluu ayi: amauma ngati galasi, ndipo pepala limadzang'ambikanso m'mphepete mwake. Selotepi ayinso, imamatuka n'kuyamba kulira yokha. Kung'ambika kukafika m'makwinya a m'mphepete, pomwe pepala limapinda nthawi zonse, pamafunika guluu wosauma gwaa, wokhala ngati labala, wonga womatira chubu cha njinga, wopakidwa mopyapyala kwambiri.

Poti inakhalitsa m'chipinda cha katundu, yang'anitsitsani ngati kung'ambikako si ntchito ya makoswe kapena mphemvu. Zimenezi zimakonda pepala ndi guluu wakale. Ngati zadya chigawo chachikulu, kapena pepala likufumbutuka mukalikhudza chifukwa cha chinyezi, chigamba sichigwira ndipo sipikayo ilowa m'gulu la zofuna pepala latsopano.

Tsopano yolira mchenga. Zoyambitsa zake zilipo zingapo, ndipo zina mwa izo n'zotsika mtengo, choncho yambani ndi zimenezo. Nthawi zina sipika imakanda ili m'bokosi koma mukaichotsa imasiya. Zikatero chitsulo chake chinapindidwa ndi manati omangidwa mopitirira muyeso, kapena thabwa lakutsogolo linapotoka ndi chinyezi. Masipika a Oxford ndi Utah ali ndi chitsulo chopyapyala chosachedwa kupindika. Mankhwala ake ndi kuibwezera mosamala, kapena kuitembenuza kuti mbali inali m'mwamba ikhale pansi, poti zaka zambiri zoimirira mbali imodzi zimagwetsa pepala pang'ono. Yang'ananinso spider ngati yamatuka pa chitsulo mbali ina, ndi timawaya tiwiri tolukidwa tochokera pa timapini kupita papepala. Kamodzi kakayamba kuduka kapena kakamagunda pepala, kamalira ngati koyilo yowonongeka, pomwe kukonza kwake n'kwa mphindi zochepa ndi chowotcherera.

Kenaka pali zinyalala m'kampata kaja. Maginito amakoka tizitsulo tonse ta m'fumbi, ndipo kachivundikiro kapakati kakabooka kapena kumatuka timalowa. Mmisiri woleza mtima amadula kachivundikiroko mosamala ndi lezala, n'kulowetsa kapepala kolimba kokutidwa ndi tepi ya pepala, mbali yomata ili kunja, kuzungulira kampatako mpaka tepi izituluka yoyera. Akatero amamata kachivundikiro kena. Izi mungayese nokha ngati dzanja lanu silinjenjemera, koma musapemerere ndi mpweya wa pampu, mungokankhira zinyalalazo m'kati.

Komabe, malinga ndi zomwe mwafotokoza, ndikukayikira kuti koyilo inapsa. Twin ndi bokosi lotsegula kumbuyo. Mulibe mpweya wotsekeredwa wogwira pepala, ndiye mawu otsika a besi ndi a dzanja lamanzere la kiyibodi amaliponya kutsogolo ndi kumbuyo kupyola malire ake. Onjezerani maola atatu a mapemphero voliyumu ili pamwamba kuti a kumbuyo amve. Koyilo imatentha, vanishi wa pa waya amatupa n'kuchita matuza, nthawi zina kachubu kamapindika, ndipo matuzawo ndi amene akukanda chitsulo. Nunkhizani pafupi ndi spider. Fungo la chopsereza silinama. A kwaya musawaimbe mlandu kwambiri, anaona bokosi lalikulu lolemera n'kuganiza kuti lingasenze chilichonse. Ndi mmene ma ampulifaya ambiri a gitala afera m'matchalitchi mwathu muno.

Koyilo yopsa ilibe chigamba. Pamafunika chomwe amati recone: kuchotsa pepala, spider ndi koyilo, kutsala chitsulo ndi maginito, n'kumanga zatsopano. Ntchitoyi imayenda chonchi. Amapala guluu yense wakale, kampata atakatseka ndi tepi kuti zopalidwazo zisagweremo. Amayeretsa kampatako kangapo. Amalowetsa koyilo yatsopano n'kuizinga m'kati ndi timapepala ta pulasitiki topyapyala, ena amadula filimu yakale ya X-ray, kuti ikhale pakatikati ndiponso pa msinkhu woyenera pomwe guluu akuuma. Kenaka amamata spider, pepala, n'kuwotcherera timawaya, ndipo guluu akauma ndi pomwe amasolola timapulasitiki tija n'kutseka ndi kachivundikiro. Mukalakwitsa ndi theka la milimita, mwataya zipangizo zonse. N'chifukwa chake sindilangiza munthu kuphunzirira pa sipika ya malemu bambo ake. Ngati mtima ukufunitsitsa, yambani mwaphunzirira pa sipika yakufa ya wailesi.

Zipangizo za recone zimagulitsidwa mogwirizana ndi mtundu wa sipika, ndipo za Jensen, Oxford ndi JBL zimapezeka kwa ogulitsa a ku America ndi ku Ulaya. N'zopepuka, m'bale wobwera kuchokera kunja angakunyamulireni, bola zikhale m'katoni yolimba. Poitanitsa mutchule manambala onse a pa chitsulo, ma ohm, ndi kukula kwa koyilo, chifukwa masipika awiri a mainchesi 12 akhoza kukhala ndi makoyilo osiyana kutalitali.

M'misika ya m'matauni mwathu muli amisiri omwe amazenga koyilo pamanja, ndipo ena mwa iwo ndi aluso zedi. Ndi amene apangitsa kuti masipika a zisudzo ndi maukwati azilirabe mpaka lero. Vuto ndi lakuti ambiri anazolowera masipika akuluakulu a disiko, komwe chofunika ndi kulimba. Amaika waya wokhuthala ndi guluu wambiri, ndipo sipika ya gitala ikatuluka m'manja mwawo imakhala yolimba koma yogontha. Mukasankha njira imeneyi, khalani naye pansi. Mupempheni asunge pepala lakale ngati lili bwino, awerenge mizere ya waya pomasula koyilo yopsayo, agwiritse waya wa kukula komweko ndi mizere yomweyo, ndipo pomaliza muyezere limodzi ndi mita kuti ifanane ndi inzake. Akakwiya ndi mafunso amenewa, nyamulani sipika yanu.

Pali vuto limodzi lomwe ngakhale recone silithetsa. Bokosi likagwa mwamphamvu, maginito amatha kusuntha n'kupana koyilo moti pepala siliyenda n'komwe mukalikankha. Kubwezeretsa zimenezo kumafuna makina ochotsa ndi kubwezera mphamvu ya maginito. Pa JBL n'koyenera kuvutikira. Pa Utah wamba, ine ndingoisunga pashelefu ngati chikumbutso.

Musachite chomwe ambiri amachita podikira zipangizo, kuimbira sipika imodzi yokha. Ampulifaya idzaona ma ohm 8 m'malo mwa 4, zomwe Twin imapirira pa voliyumu yotsika, koma mphamvu yonse idzathira pa sipika imodzi yokalamba yomwe inapangidwa kuti izisenza theka. Yomwe mwangoimata chigamba ija idzapsa musanamalize nyimbo yachitatu.

Pobwezera m'bokosi, batire lija ligwirenso ntchito. Gunditsani plus ya batire pa kapini kamodzi. Pepala likatulukira kutsogolo, kapini kameneko ndi plus, kalembeni chizindikiro. Chitani chimodzimodzi ndi inzake, ndipo musadalire utoto wofiira wa pa timapini, chifukwa ma JBL akale anali otembenuza poyerekeza ndi ena, komanso wokonza akhoza kusemphanitsa mawaya. Masipika awiriwo ayenera kukankha limodzi. Imodzi ikamapita kutsogolo inzake ikubwerera, mawu otsika amathawa ndipo gitala imamveka yopyapyala ngati ikulira m'chipinda china. Manati muwamange modumphadumpha, iyi kenaka yoyang'anizana nayo, monga mmene timamangira tayala la galimoto, ndipo mungowafikitsa pogwira basi. Musanalowetse pulagi, yezani pa nsonga yake: masipika onse awiri pamodzi aonetse cha pa ma ohm 3. Sipika ya pepala latsopano imayamba ndi mawu owuma. Ipatseni maola angapo a kuimba mofatsa isanakumane ndi voliyumu yaikulu.

Funso lomwe simunafunse ndi lakuti ampulifayayi muzichita nayo chiyani ikachira. Ngati ndi yoimbira pakhomo, kukumbukira bambo madzulo, akalewo akukwanirani, poti Twin pa voliyumu 3 yadzaza kale nyumba. Koma ngati mukufuna kumapita nayo ku maukwati ndi m'mabwalo, gulani masipika awiri atsopano a gitala, a mainchesi 12, a ma ohm 8, iliyonse yosachepera ma watt 60 kapena 75 malinga ndi mphamvu yolembedwa kumbuyo kwa ampulifaya yanu. Jensen, Eminence ndi Celestion onse amapanga oyenera, ndipo m'masitolo a zoimbira a ku Johannesburg sasowa. Akalewo muwakonzebe, muwaike m'makatoni, katoni iliyonse ndi kathabwa kotchinga pepala, muwasunge pamwamba pouma, kutali ndi simenti ya pansi ndi matumba a chimanga. Pa katoni mulembepo manambala a pa chitsulo aja ndi mbali yomwe sipika iliyonse inali, kumanzere kapena kumanja.